Ana atatu a khansa m'dera limodzi: ndi madzi, ufiti kapena za kumtundu?

Uthenga wa mayi wina wa ku Bangwe: "Adokotala, kuno kwathu zinthu sizili bwino. Zaka ziwiri zokha ana atatu awapeza ndi khansa. Mnyamata wa aneba wa zaka 7 anatupa tsaya mpaka mano kugwedera, kamtsikana kena ka zaka 4 kanatupa mimba anakachotsa impso ku Gulupu, ndiye pano mwana wa achimwene anga wa chaka ndi theka diso likumawala zoyera pakati, kuchipatala akuti ndi khansa ndipo maso onse awiri akhudzidwa. Ena akuti ndi chitsime chomwe timatunga madzi akasiya ku mpopi, ena akuti ndi tawala ya foni, ena akuloza agogo ena ake kuti akulodza ana. Achimwene angawo nawonso anachotsedwa diso limodzi ali khanda, makolo anamwalira osatiuza chifukwa chake. Ine ndili ndi mwana wa miyezi 8. Tisamuke kodi? Ndani angabwere kudzafufuza?"

Mayi, pepani kwambiri. Ana atatu m'dera limodzi, wina mwana wa achimwene anu enieni, palibe kholo lomwe lingagone tulo. Koma mtima pansi kaye, musasamuke ndipo musagulitse kanthu. Mu uthenga wanu muli chinthu chomwe mwachilemba chakumapeto ngati chongodutsa, pomwe kwa ine ndiye nkhani yaikulu kuposa chitsime ndi tawala, ndi diso la achimwenelo. Ndifikapo ndipo ndikhalitsapo. Tiyambe ndi za dera.

Ife tikati khansa timangoiona ngati nthenda imodzi, koma ndi matenda ambirimbiri osiyana, oyamba mosiyananso. Anawa sindinawapime ine, koma mmene mwafotokozera, mnyamata wa tsayayo zikufanana ndi Burkitt lymphoma, khansa yomwe timaiona kwambiri mwa ana kuno ku Malawi. Imakonda nsagwada ndi m'mimba, ndipo imakula mothamanga moti mayi amati sabata yatha kunali kakang'ono lero nkhope yapindika. Kamtsikana kochotsedwa impsoko zikumveka ngati Wilms tumour, chotupa chochokera ku maselo a impso omwe sanakhwime bwino mwana ali m'mimba, chimaonekera kwambiri mwa ana osapyola zaka 5. Ya mwana wa achimwene ndi retinoblastoma, khansa ya mkati mwa diso. Ndiye mwaona, ngati zili choncho ndi matenda atatu, njira zake zitatu. Poizoni mmodzi wa m'chitsime sangapange tsaya kwa uyu, impso kwa uyo, diso kwa winayo. Anthu ofufuza akamva kuti kwinakwake khansa yachuluka, funso lawo loyamba ndi lomweli: ndi mtundu umodzi kapena ndi yosiyana? Ikakhala yosiyana chonchi, nkhawa yoti pali chinthu chimodzi chowononga ana imatsika kwambiri.

Kenako pali masamu, omwe ambiri sitiwaganizira chifukwa khansa ya ana timaimva ngati chinthu chosowa kwambiri. Bungwe la WHO limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 a zaka 0 mpaka 19 amadwala khansa dziko lonse lapansi. Kumene amalemba bwino odwala, pa ana 1 miliyoni osakwana zaka 15 pamapezeka odwala atsopano cha m'ma 140 pachaka. Mzinda wa Blantyre pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu pafupifupi 800,000. Tikangoyerekeza kuti ana alipo 300,000, ndiye kuti ngakhale popanda chachilendo chilichonse, ana 40 kapena kuposerapo adwala khansa chaka chino mumzinda muno, chaka chamawanso chimodzimodzi. Ndipo sagawana bwinobwino kuti mmodzi Chilomoni, mmodzi Zingwangwa, mmodzi Chirimba ayi. Mukawazira nkhuku chimanga pabwalo, pena zimagwa njere zisanu pamodzi pena palibe ndi imodzi yomwe, chonsecho simunasankhe. Ku Bangwe, Ndirande, Mbayani, komwe nyumba ndi zothinana ana ali mbwee, atatu kugwera moyandikana pa zaka ziwiri zimachitika ndithu.

Palinso china cha kuno ku Blantyre kokha chomwe ndachiona kambirimbiri. Chifukwa wodi ya ana a khansa ili ku Gulupu, mwana wa ku Mulanje, Thyolo kapena Chikwawa amabwera kudzakhala kwa azakhali ake mtauni kuti azilandira mankhwala pafupi. Aneba amangoona mwana wodwala pakhomopo, sadziwa kuti matenda anayambira kumudzi. Ndiye funsani mwaulemu, mnyamata wa tsayayo anabadwira konkuno? Wakhala kuno zaka zingati? Yankho lake likhoza kusintha nkhani yonse.

Kafukufuku weniweni amayenda chonchi. Amalemba mwana aliyense, zaka, mtundu weniweni wa khansa malinga ndi zotsatira za ku labu osati zongomva, mwezi womwe anapezeka nayo, ndi komwe amakhala asanadwale, mayi ake ali woyembekezera amakhala kuti. Akatero amafanizira ndi chiwerengero chomwe chimayembekezeka pa anthu ochuluka choncho, ndipo mwayi wathu ndi woti kaundula wa khansa wa dziko lino, Malawi National Cancer Registry, ali konkuno ku Blantyre ndipo odwala a boma lino amawalemba. Pokhapokha akaona kuti nambala yapyoladi, mtundu ndi umodzi, ndipo pali chinthu chomveka chomwe ana onsewo anakumana nacho, ndi pomwe amapita kukatunga madzi ndi dothi kukayeza.

Ndikuuzeni chilungamo, ngakhale mayiko a ndalama kafukufuku wotereyu kawirikawiri satulutsa yankho lomwe makolo amafuna. Ku America akatswiri anaunikanso kafukufuku 428 wa mtunduwu wochitika pakati pa 1990 ndi 2011. Pa khansa 567 zomwe anthu anadandaula nazo m'kafukufukuyu, ndi 72 zokha zomwe zinapezeka kuti zinachulukadi, ndipo chifukwa chenicheni chinadziwika bwino pamalo amodzi basi. Ku Fallon, tauni yaing'ono ku Nevada, ana opitirira 10 anadwala khansa ya m'magazi cha m'ma 2000, anayeza madzi, magazi, mkodzo, fumbi la m'nyumba, anapeza poizoni wa arsenic ndi chitsulo cha tungsten zambiri koma m'mabanja a ana odwala ndi a ana abwinobwino momwe, mpaka lero palibe chomwe analoza motsimikiza. Koma sikuti makolo amalakwitsa nthawi zonse ayi. Ku Woburn, Massachusetts, ndi mayi wa mwana wodwala yemwe anayamba kuwerenga ana a leukemia, khansa ya m'magazi, m'dera lake, ndipo mu 1979 zitsime ziwiri za tauniyo zinatsekedwa atapezamo mankhwala a m'mafakitale. Ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl mu 1986 inabweretsadi khansa ya chithokomiro mwa ana masauzande. Taonani kufanana kwake, konseko unali mtundu umodzi wa khansa ukubwerezabwereza. Ndi chifukwa chake mayi ngati inu wofunsa mafunso ine sindimuseka, ndimangofuna afunse funso loyenera.

Ndipo nkhani ya khansa ya ana yotsata malo yomwe inafufuzidwa bwino kwambiri ndi yathu yomwe ino ya ku Africa. Dokotala Denis Burkitt anafotokoza zotupa za nsagwadazi ku Uganda mu 1958, kenako mu 1961 anayenda pagalimoto zipatala zambiri kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa kufunsa komwe ana otere amachokera. Anapeza kuti nthendayi imachuluka kumalo otsika, otentha, a mvula, kumapiri ozizira imasowa. Mapu ake anali mapu a malungo. Mu 1964 akatswiri ena anapeza kachilombo ka Epstein-Barr m'maselo a chotupacho. Kachilomboka pafupifupi tonsefe tili nako, timatenga tili ana kudzera m'malovu ndipo ambiri sikatipanga kanthu, koma mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza chitetezo chake chimalephera kukagwira bwino, ndiye mwa ana ochepa maselo ena amasokonekera n'kukhala khansa. Choncho mukandifunsa kuti chilipo cha m'dera chomwe mungalimbane nacho, ndikuti eya, udzudzu. Neti usiku uliwonse, malungo kuchiza msanga ndi mankhwala onse. Chinanso ndi HIV, chifukwa khansa ya Kaposi mwa ana imayenda kwambiri ndi chitetezo chotsika, ndiye kuyezetsa ku sikelo ndi kumwa ma ARV mosadumphitsa kumateteza ana ku khansanso.

Za chitsime. Sindikukhulupirira kuti ndicho chadwalitsa ana atatuwa, komabe chiyezedwe, chifukwa chitsime cha pakati pa zimbudzi chimapha ana ndi kolera ndi taifodi msanga kuposa khansa iliyonse, tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023. Uzani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena a zaukhondo pa chipatala chanu chaching'ono, iwo akatengere nkhaniyi ku ofesi ya DHO, yoyang'anira zaumoyo m'boma lino. Dziwaninso kuti klorini ndi kuwiritsa zimapha tizilombo koma sizichotsa mankhwala a fakitale kapena zitsulo zosungunuka, ndiye ngati pafupi pali potayira zinyalala, garaja yothira oilo pansi kapena ngalande yochokera ku fakitale, nenani kuti ayezenso zimenezo, ndipo za kuwononga chilengedwe zimapita ku khonsolo ya mzinda ndi ku MEPA, bungwe loteteza chilengedwe. Mukamalemba mndandanda wa ana odwala pemphani kaye makolo awo, ndipo chonde zithunzi za ana a eni zisazungulire pa gulu la WhatsApp la m'mudzi. Za tawala ya foni, palibe umboni woti imayambitsa khansa mwa ana, isiyeni. Khansa sipatsirananso, ana anu azisewera ndi kudya mbale imodzi ndi anzawo odwalawo.

Agogo akulozedwawo ndiye zikundiwawa. Tamva kokwanira m'dziko muno za okalamba kumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa chifukwa mwana wadwala. Agogowo sanapange chotupa cha impso chomwe chinayamba mwana asanabadwe. Kunamizira munthu ufiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Inu mwamva kufotokozaku, lankhulani ndi amfumu kapena a mpingo zisanafike poipa.

Tsopano diso. Retinoblastoma imagwira mwana mmodzi pa ana 15,000 mpaka 20,000 obadwa, ndiye bambo kuchotsedwa diso ali khanda kenako mwana wake kudwala khansa ya maso onse awiri, izi sizongochitika mwangozi. Mwachidziwikire achimwene anu anadwala nthenda yomweyi. M'selo iliyonse ya thupi muli gene, kachidutswa ka chibadwa chomwe timatengera kwa makolo, yotchedwa RB1, ntchito yake ndi kuletsa maselo kuchulukana mosalekeza. Timakhala nazo ziwiri, ina yochokera kwa mayi ina kwa bambo, ndipo khansa imayamba pokhapokha zonse ziwiri zikawonongeka m'selo imodzi ya m'diso. Mwana wamba kuti zonse ziwiri ziwonongeke pamalo amodzi n'zovuta, zikachitika zimakhala diso limodzi. Koma mwana wobadwa imodzi ili yowonongeka kale m'thupi lonse amangotsala ndi imodzi, ndiye nthenda imabwera msanga, ali khanda, ndipo nthawi zambiri maso onse. Izi anazifotokoza Alfred Knudson mu 1971 atawerenga ana odwala khansa yomweyi. Pa ana 10 a retinoblastoma, pafupifupi 4 ndi a mtundu wotengerawu, ndipo ikakhala maso onse awiri timaitenga kuti ndi yotengera basi.

Tanthauzo lake pabanja panu ndi ili. Mwana aliyense wa achimwene, wobadwa kale kapena wodzabadwa, kaya ndi mayi uyu kaya wina, ali ndi mwayi wa 50 pa 100 wotengera gene yowonongekayo, ndipo otengerawo pafupifupi 9 pa 10 amadwala. Si kuti woyamba akadwala wachiwiri apulumuka ayi, mimba iliyonse ndi payokha. Ndiye ngati ali ndi ana ena osakwana zaka 7 apite nawo ku chipatala cha maso cha Lions ku Gulupu sabata ino, ngakhale maso akuoneka abwinobwino. Alamu anu akakhalanso ndi pakati anene ku sikelo, ndipo khandalo liunikidwe maso m'masiku oyambirira likangobadwa, osadikira kuti liyambe kuyenda.

Nanga wanu wa miyezi 8? Chiopsezo chake ndi chochepa kuyerekeza ndi ana a achimwene, chifukwa nthawi zambiri kuwonongeka kumeneku kumayambira pa munthu yemweyo, makolo ake alibe, ndipo inu mwakula maso ali bwino. Koma si ziro. Alipo anthu ochepa omwe amanyamula gene imeneyi osadwala, n'kupatsira ana, ndipo makolo anu kulibe kuti tiwayeze. Ndiye ndikanakhala ine ndikanapita naye, inunso akuunikeni, chifukwa nthawi zina mwa munthu wamkulu timapeza kachipsera m'diso ka chotupa chomwe chinazima chokha, ndipo kakapezeka ndiye kuti ana anu onse aziunikidwa pafupipafupi. Kuyeza kwake amathira mankhwala okulitsa mwanadiso n'kuunika mpaka kuseri, ana ena amawagoneka kaye kuti asagwedezeke. Sikamodzi kokha, amakupatsani masiku obwereranso, pafupipafupi mwana ali wamng'ono kenako motalikirana akamakula. Kuyeza gene yeniyeniyo m'magazi kulipo koma sikupezeka wamba kuno, magazi amayenera kutumizidwa kunja ndipo ndi ndalama zambiri, funsani madokotala a mwanayo ngati pali njira. Kukalephereka musataye mtima, kuunika maso mokhulupirika kumagwira nthendayi ikadali kadontho, pomwe moyo umapulumuka ndipo nthawi zina diso ndi kuona komwe.

Kunyumba muziyang'ana pakati pa diso pomwe pamayenera kuda, ngati pakuwala zoyera madzulo kapena pa chithunzi cha foni chojambula ndi flash, diso lina kufiira lina kuyera. Diso loyang'ana kumbali, lofiira osapola, kapena lotuluka kunja, thamangani nalo. Koma chithunzi chikaoneka bwino sikuti mwana wayezedwa. Ndipo mawu ovuta awa muwauze achimwene mwachikondi: madokotala akanena kuti diso limodzi lichotsedwe, asathawe naye mwana. Ndaona mabanja akukana, kupita kwa asing'anga, kubwerera patatha miyezi chotupa chitatulukira kunja ndi kulowa mu ubongo, pamenepo timangothandiza ululu basi. Iwo eni ali moyo lero, akulera ana, chifukwa makolo anu anavomera diso lija lichoke.

Kunja kwa diso, khansa za ana zambiri sizotengera. Pafupifupi mwana 1 pa 10 aliwonse a khansa ndi yemwe amakhala ndi chibadwa chomuika pachiopsezo. Wilms yoyenda m'banja ndi 1 kapena 2 pa 100 basi, Burkitt ndiye siyotengera, choncho makolo a ana awiri enawo asamaope kubereka. Zomwe zimatidzutsa ife ndi izi, khansa kugwira ziwalo zonse ziwiri monga maso kapena impso, munthu mmodzi kudwala khansa ziwiri zosiyana, abale angapo a mbali imodzi kudwala ali aang'ono, mwachitsanzo mayi khansa ya bere asanafike zaka 35, mwana wake ya fupa, mdzukulu ya mu ubongo. Zoterezi zimapezeka pa Li-Fraumeni syndrome, yomwe inafotokozedwa mu 1969 ndipo imachokera ku gene ya TP53. Ana a Down syndrome ali pachiopsezo chokwera cha khansa ya m'magazi. Ndipo chitsanzo chomwe tonse timachiona ndi abale athu achialubino, khungu lawo lilibe chodziteteza ku dzuwa ndiye khansa ya pakhungu imawagwira akadali achinyamata, chipewa, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza ziyambe ali khanda. Khalani pansi ndi azakhali kapena amalume omwe atsala, mufunse ndani anachotsedwa diso, ndani anamwalira ali mwana ndi chotupa, mulembe mbali ya mayi payokha ya bambo payokha.

Koma mndandanda umenewu usasanduke mlandu wa ankhoswe. Ndaona maukwati akutha, akuchimuna kumati nthenda yachokera kuchikazi, akuchikazi kubweza. Achimwene anu sanasankhe kubadwa nayo, sanadziwe n'komwe, ndipo si chilango cha tchimo la wina. Alamu anu ali ndi ufulu womva zoona zake kuchokera kwa dokotala, awiriwo ali limodzi, kuti za kubereka mtsogolo asankhe okha akudziwa.

Kwa ana onse a m'dera lanu, pitani kuchipatala osachedwa mukaona chotupa chomwe chikukula kaya sichikupweteka, mimba yotupa yolimba, mano kugwedera popanda chifukwa, kutentha thupi kopyola masabata awiri malungo atayezedwa osapezeka, kuyera m'manja ndi kusowa magazi mobwerezabwereza, kutuluka magazi m'mphuno ndi m'kamwa, kuwawa mafupa usiku, kapena mutu wa m'mawa ndi kusanza. Khansa ya m'magazi imabisala kwambiri kuseri kwa malungo, ndiye mwana akapatsidwa LA kawiri katatu osasintha, pemphani kalata yopita ku Gulupu, ndi ufulu wanu. Mayiko olemera ana opitirira 80 pa 100 amachira, m'mayiko ambiri osauka safika 30, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanaku ndi kufika mochedwa ndi kusiyira mankhwala panjira. Burkitt imasungunuka msanga ikangolandira kemo woyamba, mankhwala a khansa aja, makolo n'kuona ngati wachira, thiransipoti ikuvutanso, basi osabwereranso, kenako imabwerera yolimba. Mphamvu zomwe anthu a m'dera lanu akuthera pa agogo aja bwenzi akusonkha ya minibasi kuti ana atatuwa asaphonye tsiku. Kupemphera pempherani, koma mwana ali pa mankhwala.

Achimwene anunso asadziiwale. Munthu wobadwa ndi RB1 yowonongeka amakhala pachiopsezo cha khansa zina akakula, ya mafupa, ya minofu, ya pakhungu ndi ya m'mapapo, ndiye fodya asamuyandikire, ndipo chotupa chilichonse kapena kuwawa kwa fupa kosatha akaonetse msanga, n'kunena kuti anachotsedwa diso ali khanda ndipo mwana wawo ali ndi retinoblastoma. Mwana wodwalayo nayenso adzafunika kumuyang'anira moyo wake wonse, ndipo akadzakula adzauzidwe dzina la nthenda yake. Popita ku Lions tengani mabuku a kuchipatala a ana onse, ndipo pofika pa desiki nenani mawu awa momveka: "m'banja mwathu muli retinoblastoma, bambo ndi mwana, tabwera kudzayezetsa ana enawa." Muwapemphe alembe zimenezi m'buku la mwana aliyense komanso tsiku lobwereranso.